Winifred Miti ndi Nyimbo ya Makiyi Awiri

Winifred Miti anabadwira ku Kabwata, mu Lusaka, mu 1966, m'nyumba ya khansolo ya zipinda ziwiri, kufupi ndi msika. Atate ake, a Petros Miti, anali a ku Katete, ndipo ankayendetsa basi ya kampani ya boma pa msewu wa ku Chipata. Amai ake ankasoka mayunifolomu a ana a sukulu pa makina amene ankakhala pakhonde chaka chonse, kupatula masiku a mvula ya mphepo. Ana m'nyumbamo anali anayi. Winifred ndiye anali woyamba, ndipo ndi yekhayo amene anatengera atate ake kukonda nyimbo za kantiri, zija za azungu a ku America oweta ng'ombe ndi oyendetsa malole.

A Petros anagula wailesi ya kaseti mu 1977 kwa mnzawo woyendetsa lole ya ku Dar es Salaam. Inabwera ndi makaseti atatu opanda zikuto. Lamulungu lililonse limene anali pakhomo, akaweruka ku tchalitchi cha Reformed, ankakhala pansi pa mtengo wa mapeyala n'kumapukuta nsapato za ku ntchito wailesiyo ikulira pambali. Chingerezi chawo chinali cha pa msewu, chokwanira kulankhula ndi apolisi ndi akapitawo, kotero mawu a nyimbozo sankawamva. Koma woimbayo akafika poti mawu ake athyoke, iwo ankasiya nsapato n'kuloza wailesi.

"Wamumva uyo, Wini? Akudandaula ngati munthu wa kwathu."

Winifred ndiye ankafuna kudziwa mawuwo. Ankabweza kaseti ndi bolopeni kuti mabatire asathe, n'kumalemba zimene wamva kumbuyo kwa kope la masamu. Zambiri ankalemba molakwa. Pali nyimbo ina imene anaiimba zaka khumi ndi ziwiri akutchula dzina la mkazi pamene mwini wake ankatchula dzina la mtsinje, ndipo palibe anamuwongolera.

Ali mu Fomu 3 analowa kwaya ya achinyamata. Anakhalamo miyezi isanu. Mkulu wa kwayayo anali munthu wodekha, mphunzitsi wa ku pulaimale, ndipo poyamba anangomusamutsira mzere wa kumbuyo. Mawuwo ankamvekabe. Tsiku lina atatha maphunziro a nyimbo anamuitanira pambali.

"Mwana wa a Miti, mawu uli nawo, sindikukana. Koma umawakoka, kenako umawathyola pakati ngati ukufuna kulira. Anzako akumasokonezeka. Muno timaimba mowongoka."

Winifred anayesa kuimba mowongoka milungu iwiri, zinamukanika, ndipo anasiya kupita. Amai ake anadandaula. Atate ake anangoseka n'kupita kukasamba.

Atamaliza sukulu anaphunzira kutaipa, ndipo mu 1987 anapeza ntchito pa kampani ina ya inshuwalansi mu Cairo Road. Chaka chotsatira wailesi ija inameza kaseti. Atate ake anali pa ulendo, choncho Winifred anainyamula Loweruka m'mawa n'kupita nayo ku Kamwala, kumene kunali kashopu ka munthu wokonza mawailesi dzina lake Hector Chibwe. Hector anali wa ku Luanshya, wamtali, wosuta kwambiri, ndipo anali ataimbako gitala m'mabandi atatu oimba nyimbo za kalindula amene onse anatha chifukwa cha mikangano. Anatsegula wailesiyo, anachotsa tepi yokulungana, anasintha lamba, n'kuyatsa kuti aone ngati yachira. Winifred anali ataima pakhomo akuyang'ana anthu mumsewu, ndipo sanazindikire kuti wayamba kuimba motsatira.

Hector anatsitsa wailesi mpaka zii. Winifred anapitiriza mzere wathunthu yekha asanadzidzimuke.

"Imbani futi, ba sisi," anatero Hector.

"Pepani, ndi chizolowezi chabe."

"Muimbila kuti?"

"Kulibe. Ku kwaya anandikana."

"Manje mawu aya muyasungila ndani? Bwelani ku Libala pa Chiwelu, nili na gitala."

Loweruka limenelo anapita ndi mng'ono wake, poopa kuti munthuyo ali ndi zolinga zina. Anapeza kuti Hector ali ndi mkazi, Emmy, amene anawalandira ndi tiyi n'kuwauza kuti akamaimba azitseka chitseko cha galaja chifukwa mwana wagona. Gitala ya zitsulo imene imalira mokoka m'nyimbo za kantiri Hector analibe, ndipo mu Lusaka monse sankadziwa amene anali nayo. Anadula khosi la botolo la mankhwala a chifuwa, analipala pa simenti mpaka linasalala, n'kumalivala ku chala chaching'ono. Akaliyendetsa pa mawaya, gitala wamba ija inkalira ngati ya m'kaseti. Oimba ng'oma ndi besi ankabwera n'kumapita, ena mwezi umodzi, ena chaka. Okhazikika anali awiriwa.

Malo oyamba kuwalemba ganyu anali kalabu ina ya ku Kabulonga imene inkawotcha nyama pa kapinga Lamulungu masana. Obwera kumeneko anali azungu a m'mafamu a ku Chisamba, ogwira ntchito m'maofesi a akazembe, ndi mabwana a m'mabanki ndi akazi awo. Winifred anagula chipewa chachikulu pa salaula, pogulitsira zovala za kaunjika, ndi nsapato zazitali zofika m'mawondo zimene zinamukulira, moti ankaikamo nyuzipepala kutsogolo. Ankachoka ku tchalitchi, kusintha zovala m'chimbudzi cha kalabuyo, n'kuimba kuyambira 2 koloko mpaka 5. Ankaimba za chipale chofewa chimene anali asanachionepo, za sitima za m'mapiri, za ndende za m'mizinda imene sakanatha kuiloza pa mapu. Anthu ankaomba m'manja. Mzungu wina wokalamba ankalira nthawi zonse pa nyimbo imodzimodzi, ndipo iye ndi amene anamuuza za dzina la mtsinje lija.

Zinayenda chonchi zaka zitatu. Mu Ogasiti 1992 a Petros anabwera kudzaona. Anavala jekete la ku tchalitchi, anakhala pa mpando wa kumapeto pafupi ndi mpanda wa maluwa, anagwira botolo limodzi la Fanta masana onse. Pobwerera, akuyenda kupita pokwerera minibasi, anamufunsa.

"Ija yomaliza ija, imati chiyani?"

"Ndi ya dalaivala wa lole, Atate. Akuti ali ndi mkazi kwawo, koma pa msewu pali mkazi wina amene amamudikira. Ndiye sakudziwa kuti kwawo kwenikweni ndi kuti."

"Zoona? Zaka zonsezi ndimaimva, ndimayesa akulira maliro."

Anayendanso pang'ono.

"Ndili ndi mnzanga ku ntchito, Kasuba. Nkhani yake ndi yomweyo. Nyumba ina muno, ina ku Nyimba. Amayenda ndi makiyi awiri pa chingwe chimodzi, ndiye akatopa amaiwala, amapisa kiyi ya uku pa chitseko cha uko. Tsiku lina mkazi wa muno anamumva akulimbana ndi loko, anatsegula, anangomuyang'ana m'manja, n'kukamuikira madzi osamba." Anapukusa mutu. "Waimba bwino, mwana wanga. Koma ukanaimba m'chinenero chathu, ngakhale Kasuba akanamva."

Lolemba, pa nthawi ya chakudya cha masana, Winifred anaika pepala la kampani m'makina n'kutaipa nyimbo yake yoyamba. Anaitcha "Makiyi Awiri". Inali ndi ndime zitatu: ya dalaivala, ya mkazi wa ku Nyimba, ndi ya mkazi wa ku Lusaka amene amatsegula chitseko. Hector ataiwerenga anakanda kumutu.

"Kantili mu Chinyanja? Awe, ba Wini, banthu bazaseka."

"Akaseka tidzasiya."

Anaiimba ku Kabulonga patapita milungu iwiri. Azungu anaomba m'manja mwaulemu, ena anapita kukatenga nyama. Koma pofika ndime yachiwiri operekera zakudya anali ataima ndi mathireyi awo, ndipo ophika awiri anatuluka kukhitchini n'kudzatsamira pa chitseko. Mayi wina wotsuka mbale anafuula kuchokera pa zenera kuti, "Bwezani futi!" Mwini kalabuyo anawauza kuti nyimbo zotere zisapitirire imodzi pa tsiku chifukwa nyama ikupserera.

Winifred analemba zina zisanu ndi ziwiri: ya mlatho wa Luangwa, ya mkazi wogulitsa nsomba zouma amene mwamuna wake anapita ku migodi osabweranso, ya kondakitala amene anakwatira mtsikana yemwe anaiwala thumba m'basi. Mu Meyi 1993 anazijambula zonse masiku awiri m'galaja ina ya ku Woodlands imene mwini wake anakhomera matiresi m'makoma. Galu wa pakhomopo akumveka kumapeto kwa nyimbo yachinayi, ndipo anamusiya momwemo.

Makasetiwo Hector anakawasiya kwa ogulitsa a pa Intercity, pamene mabasi a maulendo ataliatali amanyamukira. Madalaivala a ku Chipata, Petauke ndi Lundazi ndiwo anayamba kugula. Pofika Khirisimasi, munthu sakanayenda msewu umenewo osamva "Makiyi Awiri" kawiri kapena katatu asanafike pa Luangwa. Wailesi inayamba kuiika Lamulungu m'mawa. Kenako panatuluka makaseti ojambulidwa mwakuba, okhala ndi chithunzi cha mkazi wina wonenepa amene Winifred sanamudziwe, ndipo amenewo ndi amene anafala kwambiri. N'chifukwa chake nyimbo inatchuka koma nkhope yake ayi. Tsiku lina m'minibasi yochokera m'tauni anamva azibambo awiri akukangana za iye. Wina ankati woimbayo ndi wa ku Malawi, wina ankati ndi mkazi wa dalaivala wa ku Matero ndipo iye amamudziwa. Winifred anatsikira pa Kabwata osadziulula. Ntchito yotaipa sanaisiye.

Atate ake ankazemba nkhani ya kasetiyo. Winifred atawafunsa ngati amaiika m'basi yawo, anati wailesi ya m'basimo inafa kale. Atafunsa ngati a Kasuba anaimva, anati Kasuba anamusamutsira ku Ndola.

Kampani ya mabasi ija inatsekedwa mu 1995. A Petros anakhala pakhomo chaka chimodzi, akudwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo anamwalira mu Juni 1996. Tsiku lachiwiri la maliro, cha m'ma 10 koloko m'mawa, panafika mayi wina wovala chitenje chakuda, atanyamula thumba la mtedza, pambuyo pake pakubwera mtsikana wa zaka ngati khumi ndi zinayi. Mayiyo anayamba kulira ali pa geti. Amalume a Winifred awiri anadzuka pa tenti ya azibambo n'kukamulandira ngati munthu amene ankamuyembekezera. Winifred anayang'ana mtsikanayo. Chipumi chinali cha a Petros, mpata wa m'mano unali wa a Petros, ngakhale kaimidwe kopendekera kumanzere.

Mayiyo analowa m'nyumba momwe munali azimayi. Amai ake a Winifred, amene anali atakhala pa matiresi pakona, anasendera n'kugunda pambali pawo ndi dzanja.

"Khalani apa, Amake Thandazani. Mwayenda ulendo wautali."

Atatha kuika maliro ku manda a Leopards Hill ndipo alendo atabalalika, Winifred anapeza amai ake kuseri kwa nyumba akuyanika mabulangete.

"Amai, munkadziwa?"

"Ndinadziwa mwana uja asanabadwe."

"Nanga Kasuba?"

"Kasuba wake uti? Pa kampani paja panalibe Kasuba." Anakung'untha bulangete. "Nyimbo yako ija nditangoimva tsiku loyamba ndinadziwa kuti ndi ya atate ako. Za madzi osamba unalondola. Unaphonya chimodzi: si ku Nyimba, ndi ku Sinda."

"Ndiye ine ndakhala ndikukuimbani pa wailesi zaka zitatu, inu muli chete?"

"Ukanafuna ndinene chiyani? Anthu ankavina. Gwira uku, bulangeteli ndi lolemera."

Kuyambira tsiku limenelo Winifred anasiya kuimba "Makiyi Awiri". Kulikonse kumene ankapita, ku maukwati, ku chionetsero cha zaulimi, ku makalabu, anthu ankafuula kuti, "Makiyi! Makiyi!" Iye ankamwetulira n'kuyamba nyimbo ina. Hector, amene anali pa maliropo ndipo anaona zonse, anapirira miyezi ingapo, kenako analankhula.

"Ba Wini, nimvela chifundo. Koma banthu batiitana chifukwa cha ija nyimbo. Ngati simuzaimba, bazaleka kutiitana."

"Aleke."

Ndipo ambiri analekadi.

Mu 1997 anakwatiwa ndi a Lombe, injiniya wa za madzi, Mubemba wokulira ku Lusaka, wopemphera ku tchalitchi cha Pentekosite. Anakakhala ku Chelstone. A Lombe anamudziwa ali woimba ndipo poyamba ankamuperekeza, n'kumanyamula sipika. Koma mwana wawo Becky atabadwa mu 1999, ndiponso iwo atasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo, anayamba kuvutika mumtima. Tsiku lina anamukhazika pansi atakonzekera mkangano waukulu, Baibulo lili pambali, n'kumuitana mwa Chibemba kuti Bana Becky, ndiko kuti amake Becky.

"Bana Becky, aya malo ya mowa yamene muimbilako, banthu ku chechi bakamba."

"Chabwino, ndasiya."

A Lombe anatsala ndi mavesi awo osawerenga. Anthu ambiri mpaka lero amati mwamuna ndiye anamuletsa kuimba. Winifred amakana. Amati anali atatopa, ndipo a Lombe anangomupatsa chifukwa chimene akanatha kuuza anthu.

Anakhala zaka khumi ndi chimodzi osakwera pa siteji. Ankaimba m'gulu lotsogolera nyimbo ku tchalitchi cha mwamuna wake, kumene mawu othyoka aja ankawakonda chifukwa ankaliritsa anthu pa nthawi ya mapemphero. Ku ntchito makina otaipira anachotsedwa, anaphunzira kompyuta, anakhala mlembi wa bwana, ndipo mu 2008 kampaniyo itagulidwa ndi eni ena anamupumitsa. Anayamba kuphika makeke a maukwati. Chipewa chija Becky ankaseweretsa mpaka chinang'ambika.

Pa nthawi yonseyi Thandazani, mtsikana wa ku Sinda uja, sanali kutali. Atamaliza sukulu anabwera ku Lusaka kudzaphunzira unamwino, ndipo amai ake a Winifred ndiwo anamusunga ku Kabwata, m'chipinda chimene Winifred anakuliramo. Winifred akapita kukaona amai ake ankamupatsa moni, n'kumufunsa za maphunziro, basi. Thandazani ankamuitana kuti "asisi" n'kumapeza chochita kukhitchini. Sanakanganepo, koma sanakhalepo pansi awiri n'kucheza.

Mu Seputembala 2010 amai ake a Winifred anakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri. Ana anakonza kaphwando masana pabwalo la ku Kabwata, Winifred anaphika keke, panabwera azimayi a chigwirizano a ku Reformed ndi oyandikana nawo nyumba. Atatha kudula keke, mayi wokalambayo anakana mphatso ya nyimbo ya tchalitchi imene adzukulu anakonza.

"Imeneyo mudzandiimbira pa maliro. Wini, imba ija."

"Iti, Amai?"

"Usandipusitse. Ndiimveko kuchokera pakamwa pako, ndakhala ndikuimva pa wailesi za anthu."

Panalibe gitala. Winifred anaimirira pafupi ndi tebulo la keke, mpeni udakali m'manja, n'kuyamba motsitsa. Ndime yoyamba anaimaliza. Pa ndime yachiwiri, ya mkazi wa pa msewu amene amamvetsera kulira kwa injini iliyonse, mawu anamuthawa. Pamenepo wina anailandira kuchokera pakhomo la khitchini. Anali Thandazani, atagwira beseni la makapu. Ankadziwa liwu lililonse, ndipo mawu ake ankathyoka pamalo omwewo pamene a Winifred amathyokera, kungoti anali okulirapo pang'ono. Ndime yachitatu anaimba awiri, wina pamwamba wina pansi. Azimayi a chigwirizano ena anaweramitsa mitu, ena analulutira. Amai awo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anapempha kuti awaonjezere keke.

Pambuyo pake, akutsuka makapu, Thandazani anati, "Amama anali nayo kaseti ija. Atate ndiwo anabwera nayo. Anati, 'Uyu ndi mkulu wako, umumve.' Tinaiika mpaka inatha mawu."

"Anakuuzani kuti ndi nkhani yawo?"

"Sanafunike kunena, asisi."

A Lombe analipo tsiku limenelo. Atabwerera ku Chelstone anakhala sabata yathunthu osaitchula nkhaniyo. Kenako m'mawa wina, akumanga tayi, analankhula akuyang'ana pa galasi.

"Ngati mufuna kuyamba futi, yambani. Koma osati pa Sondo, siku ya chechi, na osati mu mabala."

"Sindinapemphe, Bashi Becky. Koma zikomo."

Winifred anakamupeza Hector ku Libala komweko. Shopu ya ku Kamwala inali itatsekedwa chifukwa anthu anasiya kukonzetsa mawailesi, ndipo iye ankakonza masipika ndi makiibodi a matchalitchi pakhomo pake. Tsitsi linali litayera, fodya anali atasiya. Winifred anafika ndi Thandazani, amene tsopano anali namwino pa kiliniki ina ya ku Chelstone. Hector anawamvetsera nyimbo imodzi, analowa m'nyumba, anabwera ndi gitala, n'kutuma Emmy kuti amupezere botolo la mankhwala a chifuwa.

Ulendo wachiwiriwu sunafanane ndi woyamba. Mu 2012 anatulutsa CD ya nyimbo khumi, zisanu zakale zisanu zatsopano, ndipo makatoni awiri a ma CD osagulidwa akadali pansi pa bedi ku Chelstone. M'mabasi munali mutalowa ma TV oonetsa mafilimu, ndipo okwera ambiri ankamvera zawo m'mafoni. Mnyamata wina woulutsa mawu pa wailesi atamuitana kuti acheze naye, anayamba ndi kunena kuti iye ankaganiza kuti mayi ameneyu anamwalira kalekale. Becky ndi anzake ankati ndi nyimbo za agogo. Komabe ntchito inkapezeka: maukwati a ana a anthu amene anakwera mabasi aja, maphwando a opuma pa ntchito, ndi malo ena odyera a ku Woodlands amene ankawaitana Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, masana, pansi pa mitengo ya jakaranda. Thandazani akakhala pa ntchito, Winifred ankaimba yekha ndipo ndime yachiwiri ya nyimbo ija ankaisiyira anthu. Amai ake a Winifred anamwalira mu 2016. Pa malirowo anaimba nyimbo za m'buku la tchalitchi zokhazokha, monga malemuwo anafunira.

Mu Febuluwale 2022 Hector anagwa pakhomo pake akumangirira sipika pa galimoto ya abusa ena. Anali sitiroko. Anakhala m'chipatala milungu itatu. Kulankhula kunabwerera, ngakhale mokoka, mwendo unabwerera pang'ono, koma dzanja lamanzere, logwirira mawaya, linakhala lopinda pachifuwa. Winifred anayesa oimba gitala anayi a m'matchalitchi. Onse ankadziwa gitala kuposa Hector, ndipo limenelo ndilo linali vuto. Ankadzaza mpata uliwonse, moti woimba analibe popumira. Wachinayi anabwera ndi kabokosi koponda ndi phazi kamene anati kakhoza kulira ngati botolo lija. Winifred anamvetsera n'kumuthokoza, ndipo sanamuitanenso.

Anakauza Hector kuti basi, wasiya. Hector anali pa mpando pakhonde, bulangete lili m'miyendo.

"Muli na manja yangati, ba Wini?"

"Awiri."

"Manje vuto ni chani? Emmy, leta gitala."

Winifred anali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo pa zaka zonse zimene anaima pafupi ndi gitala anali asanaigwirepo kupatula poinyamula. Anawenga zikhadabo zimene ankazisamala kuyambira ali wotaipa. Mwezi woyamba nsonga za zala zinatupa, moti pokanda ufa wa keke ankavala magolovesi. Hector sakanatha kumuonetsa, ndiye ankaphunzitsa ndi pakamwa, ndiponso ndi kandodo ka nsungwi kamene ankalozera pamene chala chiyenera kukhala. Sanali mphunzitsi woleza mtima.

"Osati apo! Waya wachitatu! Muwelenga bwanji imwe, munali mu ofesi zaka zingati?"

"Mukandikalipira ndipita kwathu."

"Pitani. Muzabwela pa Chisanu."

Winifred amapitabe Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse. Amakwera minibasi ku Chelstone ikamakwana 1 koloko, kusintha m'tauni, n'kukatsikira ku Libala, gitala ili m'chikwama chimene anasoka yekha ndi nsalu ya makatani. Makondakitala amamulipiritsa mpando wa gitalayo ndipo iye anasiya kukangana nawo. Pano amatha nyimbo zisanu ndi imodzi popanda kuyang'ana zala. Ku Woodlands anabwererako mu Meyi chaka chatha, iye ndi gitala, Thandazani pambali pake, popanda ng'oma kapena besi. Analakwitsa kawiri pa nyimbo yoyamba, anaima, anauza anthu kuti, "Pepani, ndine wa Giredi 1," anthu anaseka, n'kuyambiranso.

Becky akukwatiwa mu Okutobala ndi mnyamata wa ku Kabulonga dzina lake Jordan, ndipo wapempha amai ake kuti adzaimbe nyimbo imodzi yokha, yatsopano, yopanda munthu wosiyidwa kapena wakufa. Winifred akuti imeneyo ndiyo nyimbo yovuta kwambiri imene anapemphedwapo. Ndime yoyamba yatheka. Yachiwiri waisintha kanayi. Lachisanu lapitali anaimbira Hector zimene ali nazo, ndipo Hector anati mawu ali bwino koma pakati pafunika kagwiridwe kena kamene chala chimodzi chimapanikiza mawaya onse asanu ndi limodzi nthawi imodzi, kamene Winifred wakhala akukazemba zaka ziwiri. Anayesa mpaka 4 koloko. Mawaya anayi analira, awiri anangoti phwa. Emmy anabweretsa tiyi ndi mbatata, ndipo Hector anati ayesenso kakhumi asanamwe.